Momwe mungafikire pa ukochi wa oponya mpira wa baseball ku makoleji a ku America

Mu June 2022, timu ya Minnesota Twins inali pamwamba pa gulu lake mu MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, pamene Wes Johnson, kochi wa oponya mpira, anatula pansi udindo n'kukayamba ntchito ku yunivesite ya LSU (Louisiana State University). Ambiri anadabwa kuti munthu angasiye bwanji akatswiri n'kubwerera kwa ana asukulu, nyengo ya masewera ili pakati. Koma ku America baseball ya ku koleji si masanje. M'mayunivesite akuluakulu a kum'mwera, kochi wa oponya amalandira ndalama zopikisana ndi za ku MLB. Njira yofikira kumeneko ndi yaitali, ndipo mbiri ya Wes Johnson ndi ya mnzake wa dzina lofanana, Derek Johnson, imaonetsa bwino mmene imayendera.

Choyamba, sewerani, ngakhale musatchuke

Woponya amaima pakachulu pakati pa bwalo n'kuponya mpira mtunda wa mamita 18.44 kupita kwa wowakha, pamene womenya akudikira ndi chibonga. Kuti mudzaphunzitse ntchito imeneyi muyenera kuilawa kaye, kudziwa mmene mkono umalemerera mu inning (chigawo cha masewera) yachisanu ndi chimodzi komanso mmene mtima umagundira adani atadzaza m'mabesi onse atatu, malo amene womenya amadutsamo pothamanga kuzungulira bwalo. Kutchuka sikofunika. Derek Johnson anaponyera yunivesite ya Eastern Illinois ndipo sanasewerepo mu MLB. Wes Johnson naye sanafikeko, ndipo anayamba ndi kuphunzitsa kusekondale kwawo ku Arkansas. Ine ndimaona kuti woponya amene ankavutikira mpira uliwonse amadzaphunzitsa bwino kuposa uja zinkangomuyendera, chifukwa wovutikayo anakakamizika kufunsa kuti chala chikasuntha pang'ono pamsoko wa mpira chimasintha chiyani.

Digiri musaisiye panjira. Mayunivesite ambiri salemba kochi wopanda digiri, ndipo maphunziro a kayendedwe ka thupi adzakuthandizani mtsogolomu.

Chachiwiri, vomerani kuyambira pansi penipeni

Apa ndiye pamene ambiri amagwera mphwayi. Kwa zaka zambiri malamulo a NCAA, bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji, ankalola timu ya Division I, gulu lapamwamba la makoleji, kulipira othandizira kochi awiri okha. Wachitatu ankatchedwa wodzipereka: yunivesite sinkamupatsa malipiro, ndipo ankadya za m'misasa yophunzitsira ana imene matimu amachititsa sukulu zikatseka. Lamuloli linasintha mu July 2023, wachitatuyo n'kuyamba kulipidwa, koma m'makoleji ang'onoang'ono ndalama zikadali zochepa. Kumeneko kochi wa oponya amasalaza yekha kachulu, kunyamula zidebe za mipira, mwinanso kuyendetsa galimoto ya timu.

Konzekeraninso kusamuka. Derek Johnson anayamba ku Eastern Illinois komweko, n'kupita ku Southern Illinois, kenako ku Stetson ku Florida, asanafike ku Vanderbilt mu 2002. Wes Johnson anadutsa ku Central Arkansas ndi ku Southern Arkansas asanapite ku Dallas Baptist, kumene dzina lake linayamba kumveka chifukwa anyamata ake ankawonjezera liwiro chaka ndi chaka. Miyezi yotentha musaikhale: m'maligi a nthawi ya tchuthi, monga ya Cape Cod, mphunzitsi wachinyamata amapeza oponya ake ake oti awayang'anire. Mu January pitani ku msonkhano wa pachaka wa ABCA, bungwe la makochi a baseball. Ntchito zambiri zimamveka m'makonde a kumeneko zisanalengezedwe.

Chachitatu, phunzirani kusunga mkono

Ili ndiye phata la ntchito yonse. Dzanja la munthu silinapangidwe kuti liziponya mpira pa liwiro la makilomita 150 pa ola kambirimbiri. Mtsempha wa m'kati mwa chigongono ukaduka, mnyamatayo amapita ku opareshoni yotchedwa Tommy John, imene Dr. Frank Jobe anaichita koyamba mu 1974, ndipo kuti abwerere pabwalo pamatha chaka kapena chaka ndi theka. Kwa wophunzira amene ali ndi zaka zinayi zokha zosewera, kumeneko n'kutaya kwakukulu.

Ndondomeko ya ku koleji imakuthandizani mukaitsata. Nyengo imayamba pakati pa February, masewera saposa 56 mipikisano yomaliza isanayambe, ndipo matimu amakumana katatu kumapeto kwa sabata: Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu. Woponya wanu wodalirika amayamba Lachisanu, ndiye ali ndi masiku asanu ndi limodzi asanaponyenso. Masiku amenewo muwalembe papepala. Loweruka kuthamanga pang'ono ndi kulimbitsa phewa ndi malamba a mphira, kenako kuponyerana patali, chapakati pa sabata kuponya mipira yowerengeka ku bullpen (malo oyesererako kuponya pambali pa bwalo) inu mutaima kumbuyo kwake, Lachinayi kupepuza thupi basi. Pamasewera werengani mpira uliwonse. Akayandikira 100 yang'anani chigongono: chikayamba kutsika, mipira n'kumakwera m'mwamba, watopa, ngakhale iye akulumbira kuti ali bwino. Anyamata a zaka 20 samavomera kutopa. Kumuchotsa ali pakati popambana kumakudanitsani ndi ochemerera, nthawi zina ndi abwana anu omwe, koma wolankhulira mkonowo ndi inu.

Chachinayi, dziwani kuwerenga manambala

Kale kochi ankadalira maso ndi kachipangizo koyezera liwiro. Lero makina a TrackMan ndi Rapsodo amaonetsa kuti mpira wazungulira kangati pamphindi, wakhota masentimita angati, ndi pamene unachokera m'dzanja. Wes Johnson anazolowera zida zimenezi msanga, n'chifukwa chake a Twins anamutenga mu November 2018 kuchokera ku yunivesite ya Arkansas, chaka chimene timuyo inafika mu fainolo ya College World Series, mpikisano womaliza wa makoleji umene umachitikira mumzinda wa Omaha, n'kugonja kwa Oregon State. Kuchoka ku koleji n'kulunjika pa mpando wa kochi wa oponya mu MLB inali nkhani yachilendo kwambiri. Musaiwale nambala yakale ya ERA: tengani ma run (zigoli) amene woponya walola, kupatula obwera chifukwa cha zolakwa za anzake, chulukitsani ndi 9, gawani ndi ma inning amene waponya. Olemba ntchito amayamba kuyang'ana imeneyo. Chovuta si kuona manambala pakompyuta, koma kuwasandutsa mawu amodzi oti mnyamata awamve ali pakachulu, monga akuti tsindika ndi chala chapakati.

Chachisanu, sakani anyamata

Theka la nthawi yanu lidzathera pamsewu, kuonera masewera a kusekondale ndi kucheza ndi makolo m'nyumba zawo. Masiku ano palinso osewera osamuka kuchoka ku yunivesite ina. Paul Skenes anachoka ku Air Force kupita ku LSU, ndipo mu 2023, ali m'manja mwa Wes Johnson, anatulutsa omenya 209 ndi ma strikeout (womenya kuphonya mipira itatu), ERA yake inali 1.69. LSU inatenga chikho ku Omaha itakwapula Florida 18-4 pamasewera omaliza, ndipo mu July a Pittsburgh Pirates anasankha Skenes kukhala woyamba pa onse pamwambo umene matimu a MLB amasankhirapo osewera atsopano. Derek Johnson anali ndi wake ku Vanderbilt, David Price, amene anasankhidwa woyamba mu 2007, kenako panabwera Mike Minor ndi Sonny Gray. Makolo akaona mayina otere amakupatsani mwana wawo mosavuta.

Mukafika pamenepa, sankhani kolowera

Njira zimagawikana. Derek Johnson anachoka ku Vanderbilt nyengo ya 2012 itatha n'kukayang'anira oponya achinyamata a Chicago Cubs, mu 2016 anakhala kochi wa oponya wa Milwaukee Brewers, ndipo mu 2019 anayamba ku Cincinnati Reds, kumene anakumananso ndi Sonny Gray. Scott Brown, amene analowa m'malo mwake ku Vanderbilt, anakhazikika pomwepo n'kutenga nawo zikho za 2014 ndi 2019. Wes Johnson anasankha kukhala bwana: mu June 2023, LSU ikadali mumpikisano, yunivesite ya Georgia inamulengeza kukhala kochi wamkulu. Mukafuna njira imeneyo, yambani msanga kuphunzira za bajeti ndi kuyankhula ndi opereka ndalama ku timu, chifukwa kochi wamkulu amakhala nthawi yochepa ku bullpen.