Masipika akamathetheka pochita mastering (kukonza komaliza kwa mawu a nyimbo)

Mwafunsa chifukwa chake masipika anu a Genelec 8341 akuthetheka mukawalumikiza pa AES/EBU, njira yotumizira mawu a digito pa chingwe. Kawirikawiri vuto limakhala clock (chizindikiro cha nthawi chimene chimayendetsa zida za digito mogwirizana), osati sipika ayi.

Yambani ndi kusankha mtsogoleri mmodzi: clock ya interface (chida cholumikiza kompyuta ndi masipika) ikhale pa Internal, kutanthauza kuti izigwiritsa ntchito clock yakeyake, zida zina zonse zizitsatira yomweyo. Masipikawo safuna chingwe chapadera cha clock (word clock), amaitenga mu AES momwemo.

Kenako onani chingwe cha AES, chikhale cha 110 ohm. Cha maikolofoni chimalowa bwinobwino pa XLR (polumikizira chingwe pa sipika), koma chikatalika chimasokoneza, ndipo ambiri amapusitsika pamenepa. Kuchokera pa Thru (potulukira AES pa sipika yoyamba) pititsani chingwe china ku sipika yachiwiri, ndipo mu GLM, pulogalamu ya Genelec yowongolera masipika, muike tchanelo A kumanzere, tchanelo B kumanja.

Sample rate (kuchuluka kwa zidutswa za mawu pa sekondi) ya nyimbo ifanane ndi ya interface, kaya 48 kapena 96 kHz. Mukatero pimani chipinda ndi maikolofoni ya GLM musanakhudze EQ, yosinthira kamvekedwe ka mawu.