Momwe woimba gitala angayambire kuimba bezi, kuyambira pa zala mpaka pa amplifaya

M'matchalitchi ndi m'magulu ambiri oimba, bezi imagwera munthu amene ankaimba gitala kale, chifukwa oimba gitala amapezeka awiri kapena atatu pamene wa bezi palibe. Zimenezi zinachitikiranso anthu otchuka. Paul McCartney ankaimba gitala m'gulu la The Beatles mpaka mu 1961 pamene Stuart Sutcliffe anachoka, ndipo Noel Redding anali wa gitala asanatengedwe kukaimba bezi ndi Jimi Hendrix mu 1966. Mukalandira bezi, zala zanu zimakhala zikudziwa kale njira, koma ntchito imene mwapatsidwa ndi ina: tsopano ndinu wosunga kugunda kwa nyimbo pamodzi ndi woimba ng'oma, ndipo gulu lonse lidzatsamira pa inu.

Yambani ndi kuchidziwa chidacho. Bezi wamba ili ndi nsambo zinayi, E, A, D ndi G, zomwe ndi zofanana ndi nsambo zinayi zokhuthala za gitala, kungoti zimalira pansi ndi okitevu imodzi. Nsambo ya E ya gitala imanjenjemera pafupifupi ka 82 pa sekondi, pamene ya bezi imanjenjemera ka 41. Choncho manoti onse amene mumawadziwa pa nsambo zimenezi ali pa malo omwewo. Chimene chasintha ndi kutalika. Kuyambira pamene Leo Fender anatulutsa Precision Bass mu 1951, mabezi ambiri ali ndi nsambo zotalika mainchesi 34, pafupifupi masentimita 86, pamene za gitala zimakhala pafupifupi masentimita 65. Ngati manja anu ndi aang'ono, pali mabezi a mainchesi 30 omwe savuta kugwira. Bezi ya nsambo zisanu, yokhala ndi B wa pansi, imathandiza kwambiri m'nyimbo za kutchalitchi zomwe zimaimbidwa m'makiyi ngati E flat, koma ine ndimalangiza kuti muyambe ndi ya zinayi kufikira mutaphunzira kuletsa nsambo kulira.

Kenako konzani dzanja lamanzere. Mafreti oyambirira a bezi ndi otalikirana, ndipo mukaumirira kuika chala chimodzi pa freti iliyonse monga mumachitira pa gitala, dzanja lidzayamba kupweteka msanga. Kuyambira freti yoyamba mpaka yachisanu, gwiritsani ntchito zala zitatu pa mafreti atatu: chala cha mkombaphala, chapakati ndi chaching'ono, ndipo chala cha mphete chizithandizira chaching'onocho kukanikiza. Mukakwera m'mwamba, kumene mafreti ayandikana, mungabwerere ku chala chimodzi pa freti imodzi. Kanikizani nsambo pafupi penipeni ndi kachitsulo ka freti, chifukwa pamenepo sipafunika mphamvu zambiri ndipo nsambo siichita phokoso. Chala chachikulu chikhale kumbuyo kwa khosi la bezi, chisakolekere pamwamba.

Dzanja lamanja ndi limene limasonyeza msanga kuti munthu wachokera ku gitala. Tsamiritsani chala chachikulu pa pickup, kachipangizo kotola mawu kamene kali pansi pa nsambo, kapena pa nsambo ya E, ndipo muzikoka nsambo ndi chala cha mkombaphala ndi chapakati mosinthanasinthana. Musakokere nsambo m'mwamba kuchoka pa thupi la bezi, koma chala chidutse pa nsamboyo n'kukaima pa nsambo yokhuthala yotsatira. Kuima kumeneko kumatulutsa mawu onenepa komanso kumaletsa nsambo inayo kulira. Mukakokera pafupi ndi khosi mawu amakhala ofewa, oyenera rege ndi nyimbo zodekha, ndipo mukakokera chakumapeto kwa nsambo amakhala olimba ndi omveka bwino m'nyimbo zothamanga. Kuimba ndi piki si kulakwa, ndipo McCartney yemweyo amaimba nayo, koma ndi bwino kuti muphunzire zala kuti muzisankha nokha malinga ndi nyimbo.

Pa kuletsa nsambo kulira ndi pamene muyenera kukhalitsa. Nsambo za bezi ndi zolemera, moti imodzi ikalira zinzake zimayamba kunjenjemera zokha, ndipo pa amplifaya yaikulu kunjenjemera kumeneko kumasandutsa nyimbo yonse phala. Lamulo lake ndi lakuti nthawi iliyonse pazilira nsambo imodzi yokha. Nsambo zopyapyala kuposa imene mukuimba zizikhudzidwa mopepuka ndi mimba ya zala za kumanzere, pamene zokhuthala zizigwiridwa ndi chala chachikulu cha kumanja, chimene chiyenera kutsika kuchoka pa E kupita pa A mukamaimba pa D ndi G. Kuti muyese ngati mukukwanitsa, imbani noti imodzi, muyimitse pomasula chala osachichotsa pa nsambo, ndipo mumvetsere. Ngati pakumveka kulira kwina kulikonse, fufuzani nsambo imene ikuchita zimenezo ndipo mupeze chala choigwira. Kuchokera pamenepo phunzirani kutalika kwa noti. Woimba gitala amaganizira kwambiri pamene noti ikuyambira, koma pa bezi pamene noti ikuthera ndi pofunika chimodzimodzi, chifukwa noti yomweyo ikadulidwa msanga imavinitsa anthu ndipo ikasiyidwa kulira imakhazika nyimbo pansi.

Mukafika posankha manoti, yambani ndi noti imene yapereka dzina ku kodi. Tiyerekeze kuti nyimbo ili mu kiyi ya G ndipo ikuyenda pa makodi a G, C ndi D, monga zimakhalira ndi makolasi ambiri. G ali pa freti yachitatu ya nsambo ya E, C ali pa freti yachitatu ya nsambo ya A, ndipo D ali pa freti yachisanu ya nsambo yomweyo. Imbani nyimbo yonse ndi manoti atatu amenewa okha, mukugunda limodzi ndi ng'oma yaikulu ya kuphazi. Zikakhazikika, onjezani noti yachisanu, yomwe imapezeka pa nsambo yotsatira mafreti awiri m'mwamba, ndi okitevu, yomwe imapezeka mukadumpha nsambo imodzi n'kukwera mafreti awiri. Pambuyo pake mungayambe kuyenda kuchoka pa kodi ina kupita pa ina, monga G, A, B n'kukafika pa C pa kugunda koyamba. Makodi athunthu asiyeni, chifukwa manoti apansi akalira pamodzi samveka bwino, ndiponso musadzaze mpata uliwonse ndi tizokometsera monga amachitira wa gitala yotsogolera. Kwathu kuno oimba babatoni amanyamula gulu lonse ndi nsambo imodzi, ndipo Aston Barrett, woimba bezi wa gulu la rege la The Wailers, ankadziwika ndi mipata imene ankasiya pakati pa manoti. Poyeserera panokha, tsegulani metronome ya pa foni, yomwe imagunda mofanana kuti musunge nthawi, muyambe pang'onopang'ono, ndipo mudzijambule kuti mumve ngati mukuthamangira kutsogolo, lomwe ndi vuto lofala kwa ochokera ku gitala.

Tsopano za amplifaya. Ambiri amangolumikiza bezi ku amplifaya ya gitala yomwe ali nayo kale. Mukatsitsa kwambiri voliyumu m'chipinda zimatheka, koma mukakweza, sipika ya gitala imakankhidwa kupitirira malire ake ndi manoti apansi ndipo ikhoza kung'ambika kapena kupsa. Mawu apansi amafuna mphamvu zambiri kuti amveke. Poyeserera kunyumba amplifaya ya bezi ya mawati 15 mpaka 30 ndi yokwanira, koma poimba ndi ng'oma zenizeni m'holo kapena m'tchalitchi mudzafuna mawati 200 kapena kuposerapo, ndi sipika imodzi ya mainchesi 15 kapena zingapo za mainchesi 10. Ngati amplifaya ndi bokosi la sipika zili zosiyana, werengani kumbuyo kuti muone ma ohm, muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi. Mabokosi awiri a ma ohm 8 mukawalumikiza pamodzi ku amplifaya imodzi amapanga ma ohm 4, ndipo simuyenera kutsika kuposa nambala imene yalembedwa pa amplifayayo. Chingwe cholumikizira bokosi chikhale cha sipika, chifukwa cha gitala ndi chopyapyala mkati ndipo chimatentha.

Pochuna mawu, ikani mabatani a bass, mid ndi treble pakati, kwezani gain, batani la mphamvu ya mawu olowa mu amplifaya, kufikira mawu atatsala pang'ono kusweka mukakoka mwamphamvu, mubweze pang'ono, ndipo kukula kwa mawu muzikuwongolera ndi master. Mukaona kuti simukumveka m'gulu, musathamangire kukweza bass. M'nyumba za makoma a simenti ndi denga la malata, mawu apansi amazungulira n'kuphimba oimba pakamwa, ndipo chimene chimathandiza ndi kutsitsa bass pang'ono n'kukweza mid, chifukwa khutu limazindikira noti kudzera m'mawu apakatiwo. Kuika amplifaya pakona kumawonjezera kugunda kwa pansi, choncho ikachuluka isunthireni patali ndi khoma. Pemphani wina aimbe bezi yanu inu mutaima kumbuyo kwa holo, chifukwa zimene mumamva mutaima pafupi ndi sipika zimasiyana ndi zimene anthu akumva.

Kumene kuli zokuzira mawu zabwino, bezi ingalowe mu mikisa kudzera mu DI box, kabokosi kamene kamasintha mawu a bezi kuti ayende pa chingwe cha maikolofoni mtunda wautali popanda phokoso. Amplifaya yanu imatsala yoti muzidzimvera nokha, ndipo ngati pakumveka kung'ung'udza, batani la ground lift pa kabokosiko nthawi zambiri limathetsa vutolo. Musachotse phini ya earth pa pulagi pofuna kuthetsa phokoso, chifukwa nsambo zimene mwagwira ndi zachitsulo ndipo magetsi akhoza kukugwirani. Ngati bezi yanu ili ndi batire la mavoti 9 mkati, zulani chingwe mukamaliza kuimba kuti batirelo lisathe, ndipo muzikhala ndi lina m'chikwama. Pomaliza, onani bwino amplifaya iliyonse yogulidwa kunja musanailumikize. Magetsi a ku Malawi ndi a mavoti 230, choncho zipangizo zochokera ku Britain ndi South Africa zimagwirizana nawo, koma zambiri zochokera ku America zinapangidwira mavoti 120 ndipo zimapsa nthawi yomweyo ngati palibe thiransifoma yotsitsa mphamvu. Poimba ndi jenereta, dikirani kuti ikhazikike musanayatse zipangizo, ndipo amplifaya ikhale yomaliza kuyatsidwa komanso yoyamba kuzimitsidwa.