Msana, khosi ndi mapewa: zochita aphunzitsi kuti ntchito isatipundule

Anzanga aphunzitsi a kuno kum'mawa kwa Zambia, kuyambira ku Nyimba, Petauke, Katete mpaka ku Lundazi, tiyeni tikambe za msana. Mu staff room iliyonse mupezamo wina akudzisisita khosi, wina akuti chiuno chamugwira, wina phewa likukana kukwera, ndipo tinazolowera kungoti ndi ukalamba, chonsecho ena odandaulawo sanakwanitse ndi zaka 35 zomwe. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022 ana anachuluka m'makalasi, zomwe ndi zabwino ndithu, koma mulu wa mabuku omaka nawo unakula, ndipo thupi ndi lomwe likusenza. Ululu wambiri umabwera chifukwa thupi lakhala mwanjira imodzi nthawi yaitali, kuyimirira osasuntha, kuwerama osawongoka, ndiye mankhwala ake oyamba ndi kusinthasintha.

Yambirani pa bolodi. Phewa limatopa msanga dzanja likakhala pamwamba pa mutu, ndiye lembani kuyambira pomwe pali maso anu kutsikira pa chifuwa, bolodi muligawe zigawo ziwiri kapena zitatu nkumayenda chammbali mmalo motambasula dzanja kutali. Ngati ana akumbuyo saona pansi ndipo mufunika kulemba pamwamba, pemphani ahedi kuti kalipentala akhome kabenchi kotakata kolimba koti muzipondapo, osati kunyanyamphira. Mukalemba mizere ingapo tsitsani dzanja, tembenukani thupi lonse muyang'ane ana, osangopotoza khosi miyendo ili kuloza ku bolodi. Manotsi aatali alembeni pa manila kunyumba, mudzagwiritsanso ntchito chaka chamawa, ndipo kufufuta ndi dasita apatseni ana azisinthana.

Kuyimirira si vuto, vuto ndi kuyima malo amodzi mapiriyodi atatu otsatizana pa simenti. Yendani pakati pa madesiki. Ana akamalemba khalani pansi ngakhale mphindi zitatu, si ulesi umenewo. Mukayima nthawi yaitali ikani phazi limodzi pa njerwa kapena pa kamtanda ka tebulo, kenako nkusintha linalo, chiuno chimapuma. Amadamu, nsapato zazitali zisungireni ku tchalitchi ndi ku ukwati, mkalasi valani zafulati zofewa pansi, ndipo abambo nsapato yomwe chidendene chinadyeka mbali imodzi ipite kwa okonza.

Manje kumaka mabuku, apa ndi pomwe ambiri tikudzipweteka kwambiri. Munthu wakhala pa desiki la mwana wa Grade 3, mawondo ali mmwamba msana wapindika, kapena wafika kunyumba wakhala pa sofa mabuku ali pamiyendo mutu uli chogwada mpaka usiku, kenako mmawa akudabwa kuti khosi lauma. Pezani tebulo ndi mpando wa munthu wamkulu, mapazi afike pansi, matako alowe mpaka kumbuyo kwa mpando, pindani chitenje muchiike pa chiuno. Buku lomwe mukumakalo litsamiritseni pa mabuku ena kuti lipendekere kwa inu, khosi lisamagwe. Mukamaka mabuku khumi kapena pakatha theka la ola nyamukani, gwirani mchiuno ndi manja onse nkupendekera kumbuyo pang'onopang'ono kangapo, yendani kukamwa madzi nkubwerera. Mukamathandiza mwana pa desiki lake musawerame ngati mukupalira, njutani kapena khalani naye pambali. Za ma lesson plan pa foni kapena laputopu nazonso chimodzimodzi, kwezani foniyo ifike kumaso.

Mabuku 60 osawanyamula mulu umodzi pa phewa limodzi. Agaweni pawiri, muwakumbatire pafupi ndi mimba, kapena mugule chikwama cha kumsana cha malamba awiri. Ambiri ife tikaweruka timapita kumunda kapena ku dimba, ena kutunga madzi ku mjigo, ndiye ponyamula thumba la fetereza la 50 kg pindani mawondo, katundu akhale pafupi ndi thupi, musapotoke muli chinyamulire, ndipo itanani wina mugwirizane. Okwera njinga kupita kusukulu onani chishalo, chikatsika kwambiri mawondo ndi omwe amalira, mwendo uzitsala pang'ono kuwongoka pedulo ikafika pansi.

Wina anena kuti ine ndimayima tsiku lonse, masewera ena a chani. Kutopa ndi kulimbitsa thupi ndi zinthu ziwiri zosiyana anzanga. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, kuwonjezapo masiku awiri olimbitsa minofu. Zimenezi ndi kuyenda mwandawala theka la ola masiku asanu basi, moti mukupuma mofulumirirako koma mutha kulankhula. Nthawi ya PE musamangoyimba wezulo muli pamthunzi, lowani mu netball, thamangani nawo pang'ono. Kunyumba yalani mphasa mugone chagada, pindani mawondo mapazi ali pansi, kwezani matako mmwamba muwerenge mpaka 5 nkutsitsa, kakhumi. Kenako kokerani mawondo onse pachifuwa. Za khosi, khalani mowongoka nkubweza chibwano kumbuyo osaweramitsa mutu, ndipo za mapewa, akokereni kumbuyo kuti mafupa awiri akumsana aja ayandikane. Sizitenga mphindi khumi, chofunika nkuchita kawirikawiri, osati tsiku lomwe ululu wakula chabe.

Tulo tochepa timakulitsa ululu, thupi la munthu wamkulu limafuna maola 7 kapena kuposerapo, ndiye WhatsApp ya pakati pa usiku ichepe. Mukagona chammbali ikani pilo pakati pa mawondo, ndipo matiresi omwe anakumbika pakati asintheni mukapeza kangachepe. Fodya amachepetsa magazi ofika ku tinthu tofewa tapakati pa mafupa a msana, osuta amavutika ndi msana kuposa osasuta. Mowa umagonetsa msanga koma tulo take si tabwino. Mimba ikakula mawondo ndi chiuno zimasenza zambiri, chepetsani mitanda ya nsima ndi zakumwa za shuga, onjezani chibwabwa, lepu ndi nyemba. Nkhawa nayo ndiyitchule, payslip ikadzaza ndi ngongole mapewa amakhala chokwera tsiku lonse osadziwa, ndipo ululu umachedwa kutha. Kambani ndi mnzanu womukhulupirira, osafa nazo mumtima.

Msana ukagwira musagone pabedi masiku ambiri, kumaumitsa thupi. Pumulani pang'ono koma muziyendayenda, thowani ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda makamaka mu June ndi July muja kukuzizira. Kawirikawiri ululu wotere umachepa pakatha masabata ochepa. Zomwe zimandidetsa nkhawa ndi izi zomeza Brufen kapena diclofenac tsiku ndi tsiku, ogula pa kantemba, nthawi zina mmimba mulibe kanthu. Mapilisi amenewa akachuluka amayambitsa zilonda za mmimba ndi kuononga impso, ndipo a BP ndi amayi oyembekezera asamwe osafunsa adokotala.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mwendo wafooka, mwachita dzanzi pakati pa miyendo, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka zokha kaya mkodzo ukukana. Musachedwenso ngati msana ukuwawa pamodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda, chifukwa TB imalowanso m'mafupa a msana ndipo imachizika. Chimodzimodzi ngati munagwa pa njinga kapena honda, kapena patha masabata 6 osasintha. Yambirani ku kiliniki yapafupi, tengani khadi la NHIMA, la inshuwalansi ya zaumoyo, poti amadula kale pa malipiro, ndipo akakutumizani ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete mufunse kuti muonane ndi a physiotherapy, akuonetseni masewera oyenera pomwe pakuwawapo.