Maantibayotiki panyumba: kudziwa nthawi yake ndi kamwedwe kake

Musanapereke kapisozi kwa wodwala, dziwani kaye mtundu wa kachilombo komwe kamudwalitsa. Mabakiteriya ndi tamoyo ta selo imodzi tomwe timadya ndi kuswana patokha, ndipo ndi amene amabweretsa TB, kolera, taifodi, chinzonono ndi chindoko. Mavairasi ndi ang'onoang'ono koposa apo, saswana pokhapokha atalowa m'maselo a munthu kapena a chiweto. Chimfine, chikuku, HIV ndi chitopa cha nkhuku zimayamba ndi mavairasi. Malungo ali ndi kachilombo kawokawo, Plasmodium, kobwera ndi udzudzu.

Maantibayotiki ndi mankhwala olimbana ndi mabakiteriya. Mwachitsanzo penicillin, yemwe Alexander Fleming anamutulukira mu 1928, pamodzi ndi mbale wake amoxicillin, amalepheretsa bakiteriya kumanga khoma lomuzungulira, mpaka amaphulika. Vairasi alibe khoma lotero, choncho mankhwalawa alibe pomugwira. N'chifukwa chake makapisozi sachiza chimfine cha mu Juni, ndipo kuwasungunula m'madzi a nkhuku sikuletsa chitopa. Chimaletsa chitopa ndi katemera.

Mwana akamatsokomola, muwerengereni kupuma. Mudikire akhale phee, mukwezereni malaya, muyang'ane pachifuwa kwa mphindi imodzi yathunthu pa wotchi ya foni. Wosakwana miyezi 2 akapuma ka 60 kapena kuposa, wa miyezi 2 mpaka 11 akafika ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika ka 40, kapena m'munsi mwa nthiti mukamalowa mkati pokoka mpweya, chingakhale chibayo ndipo pitani kukiliniki tsiku lomwelo. Thupi likatentha, yambani ndi kuyezetsa malungo pachala, makamaka nyengo ya dzinja kuno kum'mawa kwa Zambia. Amoxicillin sapha Plasmodium, ndipo masiku omwe mwataya pomwetsa mankhwala olakwika ndi omwe malungo amakulira. Chifuwa chopitirira masabata 2 chimafuna kuyeza makhololo.

Pa kutsegula m'mimba ambiri timathamangira antibayotiki wotchedwa Flagyl, pomwe kwa ana kawirikawiri chimayambitsa ndi vairasi, ndipo chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Sungunulani paketi ya ORS, ufa wa mchere ndi shuga wobwezera madzi m'thupi, m'madzi owiritsa okwana muyeso wolembedwa papaketiyo. Ikasowa, thirani timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi. Onjezani zinc kwa masiku 10 mpaka 14: 20 mg patsiku, kapena 10 mg kwa khanda losakwana miyezi 6. Chimbudzi cha magazi, kapena chamadzi ngati otsukira mpunga, n'cha kuchipatala msanga.

Tsopano tinene kuti adokotala akulemberani amoxicillin wa ufa wa m'botolo. Apa ndi pomwe zambiri zimalakwika. Wiritsani madzi, muwasiye azizire. Gwedezani botolo ufa umasuke, thirani madzi pang'ono, tsekani, khutchumulani, dikirani thovu litsike, kenaka muonjezere madzi mpaka pamzere weniweni, botolo lili pamalo osalala, diso lanu lili pamzerepo. Mukapitirira mzere, mwana azimwa mankhwala osukuluka. Khutchumulani nthawi iliyonse musanapereke, chifukwa ufa umadikha pansi. Yezerani ndi kakapu kapena sirinji yomwe yabwera nalo, osati supuni ya phala, poti masupuni a m'nyumba salingana. Sungani m'firiji, kapena pamthunzi pozizira pafupi ndi mtsuko wa madzi, ndipo lembani pabotolo tsiku lomwe mwasakaniza. Masiku olembedwa papepala lake akatha, kawirikawiri 7 mpaka 14, otsalawo saperekedwanso.

"Katatu patsiku" kumatanthauza maola 8 aliwonse, monga 06:00, 14:00 ndi 22:00, osati katatu pakati pa m'mawa ndi chakudya chamadzulo. Chifukwa chake ndi liwiro la mabakiteriya. Ena, monga E. coli, amagawikana pawiri mphindi 20 zilizonse zinthu zikawayendera bwino, moti mmodzi angafike 2 miliyoni m'maola 7. Mankhwala akachepa m'magazi usiku wonse, opulumuka amachulukananso. Mukaiwala, imwani mukangokumbukira, koma ngati nthawi ya mlingo wina yayandikira, musamwe iwiri pamodzi.

Malizani masiku onse omwe mwauzidwa ngakhale mwayamba kupeza bwino. Nthawi iliyonse maantibayotiki akalowa m'thupi, amapha mabakiteriya ofooka n'kusiya olimba, omwe amaswana n'kufalikira kwa ena pakhomo. Chimene chimazolowera mankhwala si thupi lanu ayi, ndi bakiteriyayo. Zimaoneka poyera pa TB: ya masiku onse imachizidwa m'miyezi 6, koma ikasiya kumva mankhwala pamafunika ena amphamvu, ovuta kumwa. Pachifukwa chomwechi, musagule makapisozi awiri atatu pa kantemba, musagawane ndi a neba otsala a chaka chatha, ndipo musathire ufa wa kapisozi pachilonda. Chilonda chimafuna madzi aukhondo ndi sopo. Gulani kufamase yovomerezeka ndi ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala mu Zambia, muli ndi pepala la adokotala.

Flagyl sayendera limodzi ndi mowa, kaya kachasu kaya chibuku, kufikira patatha masiku 2 mutamaliza. Antibayotiki wina, doxycycline, musamwere mkaka, ndipo amayi oyembekezera auze adokotala asanalandire. Wodwala akatuluka zidzolo zoyabwa, akatupa milomo kapena kubanika atamwa mankhwala, lekani pomwepo n'kuthamangira kuchipatala chapafupi, kaya Chipata Central, kaya St Francis ku Katete, botolo lili m'manja. Pakapita masiku 2 kapena 3 osasintha, bwererani komwe anakulemberani akaunikenso.