Momwe wophunzira wochokera ku Mchinji angapezere malo ogona ku Lilongwe

Dzina la mwana likatuluka pamndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite, makolo ambiri kuno ku Mchinji amathamangira kusaka fizi, ndipo nkhani ya pogona amaikumbukira kutatsala sabata imodzi kuti sukulu itsegulidwe. Kusankhidwa ku yunivesite ya boma sikutanthauza kuti mwapatsidwanso bedi m'hositelo. Mabedi ndi ochepa poyerekeza ndi ophunzira, kotero ambiri amakhala m'nyumba za lendi, mumzinda umene zinthu zinakwera mtengo kwambiri kuyambira pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Choyamba, dziwani kampasi yeniyeni imene mukaphunzireko, chifukwa mawu akuti "ku Lilongwe" amasocheretsa. Wosankhidwa ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR akhoza kukhala wa ku Bunda, makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni, ndipo woteroyo ayenera kufunsa nyumba m'midzi yozungulira kampasiyo kapena cha ku Mitundu, osati ku Area 25. Wa ku kampasi ya ku Lilongwe ya yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kapena ya Malawi College of Health Sciences amaphunzira pafupi ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu, kotero Mchesi, Kawale ndi Biwi ndi madera oyenera kuyambirako. Mukadziwa kampasi, lembetsani malo a m'hositelo tsiku lomwelo ngakhale mwayi ukuoneka wochepa, ndipo funsani ku ofesi yoona za ophunzira kapena ku bungwe la ophunzira ngati ali ndi mayina a eni nyumba amene amawadziwa.

Kenako khalani pansi ndi makolo kapena amene akukulipirirani, muwerengetsere ndalama za mwezi wathunthu. Gawo limeneli ndi limene ndikuliona kukhala lofunika kuposa ena onse, pakuti mtengo wa chipinda si lendi yokha. Onjezanipo ndalama ya minibasi kapena kabaza popita ndi pobwera masiku onse a sukulu, mayunitsi a magetsi, madzi ndi makala. Chipinda chotchipa cha ku Chinsapo chikhoza kudya ndalama zambiri kuposa chodula chimene mungathe kuyenda wapansi kukafika m'kalasi, makamaka mafuta a galimoto akasowa n'kukweza mitengo yoyendera. Ophunzira za unamwino ndi udokotala aganizirenso za ntchito ya usiku m'mawodi, chifukwa njira yoyendeka masana si nthawi zonse imene imayendekanso kukada.

Posaka nyumbayo, yambani ndi anthu amene mukuwadziwa: amene anakutsogolerani kusekondale, achibale okhala mumzinda, ndi a mpingo wanu. Ophunzira amene akumaliza maphunziro amadziwa zipinda zimene zitsale zopanda anthu, komanso amadziwa khalidwe la mwini nyumba, zimene ajenti sangakuuzeni. Maajenti alipo ambiri pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo ena ndi achilungamo, koma musatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba chifukwa cha zithunzi zokha, ngakhale akuuzeni kuti pali wina amene akufuna kulipira lero lomwe. Ngati mwagwiritsa ntchito ajenti, gwirizanani za malipiro ake musananyamuke kukaona nyumba.

Ndiye pitani mukaone nokha. Kuchokera pa boma la Mchinji kukafika ku Lilongwe pamsewu wa M12 ndi makilomita pafupifupi 110, ulendo woti mukhoza kupita m'mawa n'kubwerako madzulo, ndipo ndalama yoyendera imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi lendi ya miyezi itatu imene mungaitaye. Tengani munthu wamkulu. Mukafika, yang'anani denga ndi makoma ngati pali zizindikiro zoti pamadontha, yesani loko, onani ngati mawindo ali ndi zitsulo, tsegulani mpopi, ndipo lowani m'chimbudzi ndi m'bafa, mufunse kuti amagwiritsa ntchito anthu angati. M'nyumba za mdadada mita imodzi ya ESCOM kapena ya Lilongwe Water Board imatumikira mabanja angapo, ndipo mikangano yambiri imayambira pamenepo, choncho funsani kuti amagawana bwanji komanso ngati amalola kuphikira pamagetsi. Nyumba zomangidwa m'mbali mwa mitsinje muzipewe ndithu, ngakhale zitchipe bwanji. Mu 2017 madzi osefukira anawononga nyumba zambiri ku Mtandire, m'mbali mwa Lingadzi. Musachoke musanacheze ndi mmodzi wa alendi anzanu, mwini nyumba asali pafupi.

Mukakhutira, lipirani m'manja mwa mwini nyumba weniweni, ndipo onani chitupa chake cha unzika. Lembani mgwirizano, ngakhale papepala la m'kope, wosonyeza lendi ya pamwezi, tsiku lolipira, chikole ndi momwe chidzabwezedwere, komanso nthawi yopereka chidziwitso potuluka kapena pokweza lendi. Musaiwale nkhani ya holide, chifukwa eni nyumba ena amafuna lendi yonse ngakhale muli kumudzi, pamene ena amalola theka ngati mwasiyamo katundu. Aliyense asayine pamaso pa mboni, ndipo risiti iliyonse muisunge.

Kukhala awiri kapena atatu m'chipinda kumapepukitsa mtolo, malinga mwagwirizana poyamba za chakudya, alendo, ndi chimene mudzachite wina akachedwa kulipira.

Pomaliza, ngati mwafunsira ngongole ku HESLGB, bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite, musamange malonjezo anu kwa mwini nyumba pa ndalama imene simunailandire. Lendi yoyambira ichokere kunyumba, ndipo kwa mabanja odalira soya, mtedza kapena fodya, nthawi yoipatula ndi yogulitsa zokolola, ndalamayo isanalowe m'zogula zina ndi feteleza wa chaka chamawa.