Kusunga ndalama za thonje ndi ziweto mu unit trust

Alimi ambiri a m'chigwa cha Shire akagulitsa thonje kapena ng'ombe ku Ngabu ndi ku Bangula, ndalama zotsala amazisunga m'nyumba, amagulanso mbuzi, kapena amaziika ku banki m'khonde. Vuto ndi lakuti chuma chonsechi chimakhala m'dera limodzi. Namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023, madzi adakokolola ziweto ndi mbewu ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ndipo mamembala amene adakongola m'magulu adavutika kubweza chifukwa tsoka lidagwera onse nthawi imodzi. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama za m'nyumba zidachepa mphamvu yogulira zinthu.

Ichi ndi chifukwa chake ndikulangiza oyamba kumene kuti aganizire za unit trust. Unit trust ndi thumba limene anthu ambiri amasonkhamo ndalama, kenaka akatswiri amazigawa pogula masheya (magawo a umwini wa kampani) a makampani osiyanasiyana pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, komanso kukongoza boma kuti libweze ndi chiwongoladzanja. Munthu wa ku Nchalo angakonde kugula masheya a Illovo okha poti nzimbe amaziona tsiku ndi tsiku, koma akatero phindu lake lidalira kampani imodzi, pamene m'thumba lotere muli mabanki, makampani a mafoni ndi a inshuwalansi. Kampani imodzi ikagwa, makampani enawo amachirikiza. Mlimi safunikanso kutsatira yekha mitengo ya masheya, ntchito imene ndi yovuta kwa munthu wotanganidwa ndi ulimi wa kudimba.

Koma mudziwe kuti phindu silolonjezedwa. Mtengo wa mayuniti, amene ndi magawo a thumbali amene mumagula mukaikamo ndalama, umakwera ndi kutsika, makamaka m'thumba lokhala ndi masheya ambiri, ndipo oyendetsa thumba amadulapo malipiro awo. Ndalama za mbewu, za fizi ya ana ndi za chakudya cha miyezi ya njala musaziikemo. Ikani zokhazo zimene simuzifuna kwa zaka zingapo.

Old Mutual ndi imodzi mwa makampani amene ali ndi matumba otere m'dziko muno. Kulikonse kumene mungapite, tengani chiphaso chanu cha unzika, ndipo musanapereke ndalama funsani ngati kampaniyo ili ndi chilolezo chochokera ku Reserve Bank of Malawi, kuchuluka kwa malipiro amene amadula pa chaka, ndi masiku amene amadutsa kuti mulandire ndalama zanu mukafuna kuzitulutsa.