Kufotokoza nkhawa ndi kulangiza mnzanu m'Chingelezi

Ngongole zikakusowetsani tulo, m'Chingelezi nenani kuti "I am stressed about money". Mawu oti "stressed" amanena za munthu amene wapanikizika, pomwe "stressful" amanena za chinthu chomupanikizacho, monga "My job is stressful". Ambiri amaphonya apa n'kunena "I am stressful", osadziwa kuti akudzinena okha kuti ndiwo amasowetsa anzawo mtendere.

Mnzanu akakudandaulirani, musathamangire kulangiza. Mumvetsereni kaye, munene "That sounds hard", malangizo abwere pambuyo.

"You should rest" ndi mawu olunjika, oyenera mnzanu wapamtima, ndipo pambuyo pa "should" sipabwera "to". Kwa abwana kapena munthu wamkulu, fewetsani mawu: "You could try walking after work", kapena funsani kuti "Have you thought about talking to someone?" Mneni wotsatira "about" amathera ndi "-ing". "Must" ndi "had better" zimamveka ngati lamulo kapena chenjezo, choncho kwa munthu wosweka mtima zisiyeni.

Palibe mawu oti "advices". Nenani "some advice" kapena "a piece of advice". Mneni wake ndi "advise", ndipo s wakeyo amatchulidwa ngati z.